Amuna Atatu Amene Adatsalira ku Medina

M'chaka cha 630, mumzinda wa Medina m'dziko la Arabia, mudali amuna atatu amene adakhala masiku 50 popanda munthu wowalankhula. Sadatsekeredwe m'ndende, sadakwapulidwe, ndiponso sadalandidwe katundu. Adali pakati pa abale awo, mumzinda wawo womwe, koma akapereka moni padalibe wowayankha. Maina awo ndi Ka'b ibn Malik, Murara ibn al-Rabi ndi Hilal ibn Umayya. Mpaka lero Asilamu akamaphunzitsa za kulapa, kawirikawiri amatchula amuna atatuwa. Ife amene timakhala ndi Asilamu m'midzi ndi m'matauni, kugula pamsika umodzi ndi kulirirana maliro, tichita bwino kuimva nkhaniyi. Itidziwitsa zimene anansi athu amakhulupirira, ndipo itikumbutsa funso limene limafika m'banja lililonse: munthu akalakwa, chimene chimamupulumutsa n'chiyani, chowiringula chokonza bwino kapena choonadi chowawa?

Ulendo wa ku Tabuk

Nthawi imeneyo padali patapita zaka 8 chisamukire Muhammad kuchoka ku Mecca kupita ku Medina m'chaka cha 622. Mzinda wa Mecca udali utangogonja kumayambiriro kwa chaka cha 630, ndipo mafuko ambiri a Aluya adali kulowa Chisilamu. Tsono kudamveka mbiri yakuti Aroma a ku Constantinople, amene mfumu yawo idali Heraclius, adali kusonkhanitsa asilikali kumalire a Syria. Muhammad, amene Asilamu amamlemekeza ngati Mneneri wawo, adalamula kuti mwamuna aliyense wamphamvu akonzeke ulendo wa ku Tabuk, malo a madzi amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Medina. Lero Tabuk ndi mzinda wa Saudi Arabia kufupi ndi malire a Jordan. Pa maulendo ena ankhondo Muhammad ankabisa kumene akupita, koma pa ulendo uwu adanena poyera, kuti anthu adziwe kutalika kwa njira ndi kukonzeka mokwanira.

Lamuloli lidafika pa nyengo yovuta. Dzuwa lidali kuswa mtengo, ndipo zipatso za kanjedza, zimene Asilamu kwathu kuno amazitcha tende, zidali zitapsa m'minda. Mlimi aliyense akudziwa kuwawa kwa kuitanidwa ulendo wautali chimanga chitauma m'munda. Mabuku akale a Asilamu amati anthu amene adanyamuka adali ngati 30,000, ndipo gululo amalitcha gulu lankhondo la pamavuto, chifukwa kamba ndi madzi zidali zoperewera, ndipo anthu angapo ankasinthana ngamila imodzi. Olemera monga Uthman ibn Affan adapereka ngamila zambiri ndi ndalama. Amphawi ena adabwera kudzapempha chokwera, ndipo atauzidwa kuti palibe, adabwerera akulira chifukwa chosatha kupita nawo.

Ka'b ibn Malik sadali mmodzi wa amphawiwo. Iye mwini adavomera kuti sadakhalepo wamphamvu ndi wopeza bwino monga m'masiku amenewo, pakuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adali ndi ngamila ziwiri zokwera. Sadalinso munthu wamantha kapena wachikhulupiriro chofooka. Adali mlakatuli wodziwika wa banja la Banu Salima, mmodzi wa anthu a ku Medina amene adapangana ndi Muhammad usiku pa Aqaba m'chaka cha 622 kuti adzamlandira ndi kumteteza, ndipo adavulazidwa pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625. Chimene chidamgwetsa n'chaching'ono kwambiri. M'mawa uliwonse ankatuluka kuti akakonze za ulendo, madzulo n'kubwerako asadachite kanthu, akudziuza kuti nthawi ilipo. Gulu lidanyamuka, iye n'kuganiza kuti alipeza panjira pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Masiku adapita. Paja akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Padalibe kaundula wa maina, kotero kuti munthu wotsalira akadatha kuganiza kuti sadziwika. Koma Ka'b akamayenda mumzinda, ankangoona okalamba, odwala ndi anthu amene ankadziwika kuti Chisilamu chawo n'chapakamwa, ndipo mtima wake udayamba kumtsutsa. Ku Tabuk kuja Muhammad adafunsa za iye. Munthu wina wa banja lake lomwe adayankha monyoza kuti zovala zake zokongola ndizo zidamletsa kubwera, koma Mu'adh ibn Jabal adamdzudzula munthuyo nanena kuti sadziwa choipa chilichonse pa Ka'b. Nkhondo yeniyeni sidachitike, popeza Aroma sadaoneke. Asilamu adakhala ku Tabuk masiku ngati 20, napangana za mtendere ndi midzi ya kumalire, kuphatikizapo mzinda wa Akhristu wa Ayla, umene lero ndi Aqaba wa ku Jordan, kenaka adabwerera kwawo. Uwu ndiwo udali ulendo wotsiriza wankhondo umene Muhammad adatsogolera yekha.

Tsiku la zowiringula

Atamva kuti gulu layandikira, Ka'b adayamba kulingalira bodza loti akanene, nafunsanso nzeru kwa abale ake. Ndipo mawu adali nawo, pakuti mlakatuli sasowa chonena. Koma tsiku litafika adaona kuti bodza silingamtulutse m'vutoli. Muhammad adalowa mumzikiti monga mwa chizolowezi chake akachoka kuulendo, napemphera, nakhala pansi kuti alandire anthu. Amuna oposa 80 amene adatsalira adabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi chowiringula chake ndi malumbiro ake. Iye adalandira mawu awo monga momwe adanenera, nawapempherera chikhululukiro, nasiya za mumtima mwawo m'manja mwa Mulungu. Onsewo adapita kwawo ali omasuka.

Ka'b atafika, Muhammad adamwetulira kumwetulira kwa munthu wokwiya, namfunsa chimene chidamletsa, popeza ngamila adali atagula kale. Ka'b adayankha kuti akadakhala pamaso pa munthu wina aliyense akadadzipulumutsa ndi lilime lake, koma adadziwa kuti akanama lero kuti akondweretse Mneneri, Mulungu adzaulula bodzalo posachedwa. Choncho adanena mosabisa kuti adalibe chifukwa chilichonse. Muhammad adavomereza kuti munthuyu wanena zoona, koma sadamkhululukire pomwepo. Adamuuza kuti anyamuke ndi kudikira mpaka Mulungu ataweruza mlandu wake.

Apa ndipo tikuona chinthu chimene tonse tikuchidziwa m'mabanja mwathu. Abale ake a Banu Salima adamtsatira panja namdzudzula, osati chifukwa chotsalira, koma chifukwa chosanama. Adamuuza kuti sadalakwepo kale, ndipo akadangonena kachifukwa monga anzake aja, pemphero la Mneneri likadamkwanira. Adamkakamiza kwambiri mwakuti adatsala pang'ono kubwerera kukasintha mawu ake. Chimene chidamlimbitsa mtima n'chakuti adafunsa ngati padali wina amene adayankha monga iye, ndipo adauzidwa za Murara ndi Hilal, amuna awiri olungama amene iye ankawalemekeza. Atamva maina awo sadabwererenso.

Masiku 50

Lamulo lidaperekedwa kuti munthu asalankhule ndi atatuwa. Tiyenera kudziwa kuti chilango chimenechi chidali chachilendo, chifukwa chiphunzitso cha masiku onse m'Chisilamu chimaletsa Msilamu kunyanyala mbale wake kupitirira masiku atatu. Murara ndi Hilal adadzitsekera m'nyumba zawo akulira. Ka'b, amene adali wamng'ono ndi wamphamvu pa atatuwa, ankapitabe kumzikiti ndi kumsika. Ankapereka moni kwa Muhammad ndi kuyang'anitsitsa milomo yake kuti aone ngati yagwedezeka. Adazindikira kuti iye akakhala pa pemphero, Mneneri ankamuyang'ana, koma akangotembenukira kwa iye, ankayang'ana kumbali. Chimene chinkamuopsa koposa n'chakuti angafe asadakhululukidwe, Mneneri osapempherera maliro ake, kapena kuti Mneneri angamwalire iye akadali m'chilango, n'kukhala wosalidwa moyo wake wonse.

Tsiku lina adakwera mpanda wa munda wa Abu Qatada, msuweni wake amene ankamkonda koposa onse, nampatsa moni. Sadayankhidwe. Adamfunsa katatu ngati sakudziwa kuti iye amakonda Mulungu ndi Mneneri wake, ndipo kachitatu Abu Qatada adangoti Mulungu ndi Mneneri ndiwo akudziwa. Ka'b adatsika mpandawo misozi ili chuchuchu.

Mayeso aakulu adadza pamsika. Wamalonda wina wochokera ku Syria, amene adabwera kudzagulitsa chakudya, adafunsa za Ka'b, ndipo anthu adangomlozera ndi chala. Adampatsa kalata yochokera kwa mfumu ya Ghassan, fuko la Aluya limene linkagwirizana ndi Aroma. Mfumuyo idati yamva kuti mtsogoleri wake wamchitira nkhanza, ndipo idamuitana kuti apite kwa iyo akalandire ulemu womuyenera. Kwa mlakatuli wa nthawi imeneyo, kuitanidwa kubwalo la mafumu a Ghassan kudali mwayi waukulu. Ka'b adaona kuti amenewanso ndi mayeso, ndipo adaiponya kalatayo mu uvuni. Munthu wolakwa sasowa womuuza kuti sadalakwe, ndipo kawirikawiri mawu otere amadza pa tsiku limene mtima wafooka. Koma wakutsina khutu ndiye mnansi.

Atapita masiku 40 kudabwera lamulo lina lakuti atatuwa asayandikire akazi awo. Ka'b adafunsa ngati akuyenera kusudzula, ndipo adauzidwa kuti ayi, angopatukana. Adatumiza mkazi wake kwa makolo ake. Mkazi wa Hilal adapita yekha kwa Muhammad kukapempha kuti azimtumikirabe mwamuna wake, popeza adali nkhalamba yopanda womthandiza, ndipo chiyambire mlanduwo sadaleke kulira. Adaloledwa. Abale adamlangiza Ka'b kuti akapemphe chilolezo chomwecho, koma iye adakana, chifukwa adali mnyamata wotha kudzisamala.

M'mawa wa tsiku la 50, Ka'b atatha pemphero la m'bandakucha patsindwi la nyumba yake, adamva mfuu kuchokera paphiri la Sal', munthu akumtchula dzina ndi kumuuza kuti akondwere. Adagwa nkhope pansi kupembedza Mulungu. Nkhani imati mawu a chikhululukiro adali atafika kwa Muhammad usiku ali m'nyumba ya mkazi wake Umm Salama, amene ankamvera chisoni Ka'b ndipo adafuna kutumiza uthenga nthawi yomweyo, koma adauzidwa kuti adikire kucha, kuopa kuti khamu la anthu lingawasowetse tulo. Kutacha, wina adathamanga pa kavalo, wina adakwera phiri nafuula, ndipo mawu adafika msanga kuposa kavalo. Ka'b adavula zovala zake ziwiri nampatsa wobweretsa uthengayo, nabwereka zina kuti apite kumzikiti. Atalowa, Talha ibn Ubaydullah adanyamuka mothamanga namgwira chanza. Ka'b sadaiwale chanza chimenecho mpaka imfa yake. Adafuna kupereka chuma chake chonse kwa osauka, koma Muhammad adamlangiza kuti asungeko china, ndipo adasunga gawo lake la ku Khaybar. Pomwepo adalonjeza kuti sadzanenanso bodza masiku onse a moyo wake.

Zimene Asilamu adaphunzirapo

Chikhululukiro cha atatuwa chidalembedwa m'Korani, mu sura ya 9, ndime ya 118, ndipo sura yonseyo imatchedwa At-Tawba, ndiye kuti Kulapa. Liwu la Chiarabu limeneli limachokera ku mneni wotanthauza kubwerera. Chochititsa chidwi n'chakuti m'Korani mneni yemweyo amanenedwa za munthu ndi za Mulungu yemwe. Munthu amabwerera kwa Mulungu ndi chisoni, Mulungu amatembenukira kwa munthu ndi chifundo, ndipo limodzi mwa maina a Mulungu m'Chisilamu ndi At-Tawwab, Wolandira kulapa kawirikawiri. Ndime ija imasonyeza kuti Mulungu ndiye adayamba kutembenukira kwa amuna atatuwo kuti iwo athe kubwerera. Sura yomweyo ili ndi mawu aukali kwambiri pa iwo amene adalumbira monama. Motero amene adaoneka opambana pa tsiku loyamba lija ndiwo adatsutsidwa, ndipo amene adachoka mumzikiti mitu itawerama ndiwo akukumbukiridwa ndi ulemu. Ka'b mwini adati, kupatula kulowa kwake m'Chisilamu, padalibe mphatso ina ya Mulungu yoposa yakuti sadaname tsiku limenelo.

Muhammad adamwalira m'chaka cha 632, ndipo kuyambira pamenepo padalibenso munthu woti n'kulengeza kuti wakutiwakuti wakhululukidwa. Ife Akatolika tidazolowera kuti kulapa kumayenda pamodzi ndi kuulula machimo kwa wansembe. M'Chisilamu mulibe zimenezo. Wochimwa amapempha yekha kwa Mulungu, ndipo tchimo lamseri amalangizidwa kuti asamalilengeze kwa anthu. Asilamu sakhulupiriranso za tchimo lobadwa nalo. Amati Adamu adalakwa, adalapa, nakhululukidwa. N'chifukwa chake mawu akuti astaghfirullah, opempha chikhululukiro cha Mulungu, sachoka pakamwa pa Msilamu wopemphera, ndipo amawanena akangotha Swala. Amaphunzitsa kuti Muhammad yemwe ankapempha chikhululukiro koposa ka 70 pa tsiku, ndi kuti khomo la kulapa limakhala lotsekula mpaka munthu atayamba kutsirizika.

Popeza padalibe woweruza wa za mumtima, akatswiri a Chisilamu adayesetsa kufotokoza zizindikiro za kulapa koona. Al-Ghazali, amene adamwalira m'chaka cha 1111, adaphunzitsa kuti kulapa kumayamba ndi kudziwa kuipa kwa tchimo, kudziwako kumabala chisoni, ndipo chisonicho chimabala ntchito. Adachenjeza kwambiri za kuzengereza, nafanizira wozengereza ndi munthu amene walephera kuzula mtengo lero n'kunena kuti adzauzula chaka chamawa, osaganiza kuti mtengowo udzakhala utazika mizu pamene iye mphamvu zikumthera. Al-Nawawi wa ku Syria, amene adamwalira m'chaka cha 1277, adaika nkhani ya Ka'b m'mutu wa kulapa m'buku lake lotchuka la Riyad al-Salihin, natchula zofunika zitatu: kuleka tchimolo, kumva chisoni chifukwa cha ilo, ndi kutsimikiza mtima kuti sudzabwereranso. Adaonjeza chachinayi ngati tchimolo lakhudza munthu mnzako: kumbwezera chake. Wakuba abweze, wonamizira mnzake akapepese kwa mwini wake. Misozi ya pamkeka wopempherera siifafaniza ngongole ya mnansi.

Nanga ife?

Sitikunena kuti mabanja athu ayambe kusala olakwa masiku 50. Asilamu eni ake amaona chilango chija ngati cha nthawi yake, pansi pa ulamuliro wa Mneneri wawo. Koma tikaisinkhasinkha nkhaniyi tipeza kuti m'nyumba zambiri muli anthu onse amene tawatchulawa. Muli bambo amene adawononga ndalama za fizi ndipo wakonza kale chowiringula chomveka bwino. Muli mwana amene wakhala akunena kuti mawa adzapita kukaona mayi ake odwala kumudzi, mpaka mawa lidasanduka uthenga wa maliro. Muli achibale achifundo amene amalangiza wolakwa kuti angonena kachifukwa nkhani ithe. Muli mnzake wa kumowa amene amamuuza kuti kunyumba sakumlemekeza mokwanira. Chowiringula chimagula mtendere wa tsiku limodzi, koma chimasiya munthu ali pomwe adali, chifukwa palibe amene angakhululukidwe tchimo limene akukana kuti adachita. Mkazi amene walandira bodza la mwamuna wake sadamkhululukire. Wangotopa ndi kufunsa.

Nkhaniyi ikulankhulanso kwa ife amene timalakwiridwa. Ngati m'nyumba mwathu mwana wonena zoona ndiye amakwapulidwa, pamene wonama amadya nsima yake mwamtendere, tisadabwe ana athu akakula ndi lilime loterera. Ku Medina wonena zoona adalangidwadi, koma chilangocho chidali ndi mathero, ndipo pa mathero pake mzinda wonse udathamangira kukamuuza uthenga wabwino. Anthu omwe aja amene adakana kumyankha moni ndiwo adamchingamira m'magulumagulu. Munthu akabwerera kwa ife atavomera kulakwa kwake, pafunika wina woyamba kunyamuka ndi kumgwira chanza monga adachitira Talha, pakuti wolapa amakumbukira nthawi yaitali amene adamlandira poyamba.

Pomaliza tifunse: kodi zonsezi tazidziwa bwanji? Nkhaniyi ili m'mabuku aakulu a miyambo ya Muhammad amene adasonkhanitsa al-Bukhari, womwalira m'chaka cha 870, ndi Muslim, womwalira m'chaka cha 875. Koma gwero lake ndi Ka'b mwini. Atakalamba adachita khungu, ndipo mwana wake Abdullah ndiye ankamtsogolera poyenda. Kwa mwana ameneyu ndiko adafotokoza zonse: ngamila ziwiri zija, ulesi wa m'mawa uliwonse, bodza limene adali atayamba kulikonza, ndi mmene adatsalira pang'ono kumvera abale ake. Mkulu wolemekezeka, ngwazi ya ku Uhud, akadatha kusimbira mwana wake za mabala ake a kunkhondo okha. Iye adamsimbiranso za tsiku limene adalephera, ndipo mwanayo adauza ana ake, mpaka nkhaniyo yatipeza ife patapita zaka pafupifupi 1,400. Makolo ambiri timabisa zolakwa zathu kwa ana poopa kuti atipeputsa. Abdullah sadampeputse bambo wake; adasunga mawu ake mosamala, ndipo adapitiriza kumgwira dzanja panjira.